Kucokera ku Gogodera Kufikira ku Mfuti ya Mpiringidzo

 Ambiri a inu munaona gogodera wa agogo anu. Mlenje ankathira wonga kukamwa kwa mfuti, natsindira cipolopolo ndi ndodo, naika fataki. Akaphonya njati, analibe nthawi yakudzazanso. Lero tikambe za kacitsulo kamene kanathetsa bvuto limeneli.

Kacitsuloka kafanana ndi mpiringidzo wa citseko. Msilikari amakweza cogwirira cace nakokera m'mbuyo, ndipo khoko la cipolopolo cakutha limalumphira kunja. Akakankhira kutsogolo, mpiringidzo umatenga cipolopolo cina m'kabokosi ka pansi, nucilowetsa mumpope. Akatsitsa cogwirira, mano a citsulo amaluma zolimba kuti moto usabwerere kumaso kwace.

Nkhondo ya dziko la Prussia ndiyo inayamba kulandira mfuti yotere m'caka ca 1841, yopangidwa ndi Dreyse. M'caka ca 1898 Ajeremani analandira Mauser ya zipolopolo 5, imene mano ace ali kutsogolo kwa mpiringidzo. Cifukwa cace iri yolimba kwambiri, ndipo mfuti zambiri zophera njobvu zinatsata mapangidwe ace. Angerezi anasankha njira yina. Lee-Enfield yao ya 1895, imene tiicha .303, imanyamula zipolopolo 10, ndipo mano ace ali kumbuyo, kotero kuti mpiringidzo uyenda pang'ono pokha. Msilikari wophunzira bwino ankaombera zipolopolo 15 pa mphindi imodzi, nalunjika ndithu.

Zimenezi si nkhani za kutsidya kwa nyanja zokha ai. Pa nkhondo ya 1914 asilikari akuda ambiri a Ajeremani ku Tanganyika anayamba ndi Mauser yakale ya 1871, ya cipolopolo cimodzi ndi wonga wa utsi. Utsiwo unkaulula pamene abisala. Nkhondo yao inatula zida ku Abercorn, kumene lero tikucha Mbala, pa 25 November 1918. Pa nkhondo yaciwiri anyamata a kwathu kum'mawa, olembedwa mu Northern Rhodesia Regiment, ananyamula .303 ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu August 1940, ndi m'nkhalango za Burma m'caka ca 1944. Kumeneko mvula ndi matope zinali adani enanso. Munthu wosapukuta mpiringidzo wace ndi kuudzoza mafuta, mfuti inkamkanira pa nthawi yeniyeni ya imfa ndi moyo.

Tsono mukapita kumudzi pa chuti, muwafunse akulu za makolo amene anapita ku nkhondo, nkhanizo zisanatayike. Ndipo inu okhala ndi mfuti ya laisensi, kumbukirani mwambo wa asilikari: musanaipacike, tsegulani mpiringidzo, muone ndi maso anu kuti mulibe cipolopolo, pakuti m'nyumba muli ana. Tsalani bwino.