Manja Amanena Zimene Pakamwa Palephera

Ena mwa ife tinafikako ku Lusaka, ku Kabwata Cultural Village m'mbali mwa msewu wa Burma. Kumeneko kuli tinyumba tozungulira tofolera udzu. Kale, m'nthawi ya atsamunda, munkagona amuna obwera kudzagwira ntchito m'tauni atasiya mabanja kumudzi. Kuyambira mu 1974 malowa ndi a amisiri. Lero mumawapeza akusema ziboliboli za njovu, mvuu ndi mayi wobereka mwana kumbuyo. Wogula amangoona mtengo wosalala, koma mmisiri mwina akusema amayi ake amene wawasowa.

Kwathu kumudzi nakonso ana amaumba ng'ombe zadothi kudambo. Mwana amene bambo ake anamwalira angathe kuumba munthu wokwera njinga, n'kumusunga pansi pa nkhokwe. Ife akuluakulu timakalipa kuti akudetsa zovala, mwinanso n'kuponda chimene waumbacho. Sitidziwa kuti taponda mawu ake. Misozi imene sanalire pamaliro ili m'dothi limenelo.

Pa Genesis 2:7 timamva kuti Mulungu anatiumba ndi dothi. Iye satipondereza tikakhala osweka mtima; amadziwa zobisika mwa ife.

Choncho sabata ino, mwana akaumba kanthu, tikhale naye pansi, timufunse mofatsa kuti, "Mwanangu, ameneyu ndani?" Akachedwa kuyankha, tisamufulumize. Tikaikire kanthuko pamthunzi kuti kasang'ambike ndi dzuwa.

Tipemphere: Ambuye, Mmisiri wathu, tipatseni makutu omva ana athu ngakhale ali chete. Amen.