Wojambula Amayi pa Sikani Asaleke Kuphunzira: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano Wathu ku Chintheche

 Mwandipempha kuti ndinenepo za ntchito yanga yojambula amayi ndi makina a ultrasound, amene ambiri timangoti sikani.

Makinawa sagwiritsa ntchito cheza ngati X-ray ayi. Amatumiza m'thupi phokoso losamveka ndi khutu, ndipo likagunda chiberekero kapena chotupa limabwerera n'kusanduka chithunzi. N'chifukwa chake timapaka mafuta oterera pamimba, komanso timapempha mayi kuti amwe madzi ambiri, pakuti chikhodzodzo chodzadza chimatiunikira chiberekero.

Luso limeneli lidakulira ku Scotland, dziko lomwe lija kudachokera Dr Robert Laws amene adasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881. Mu 1958, Pulofesa Ian Donald wa ku Glasgow ndi anzake John MacVicar ndi Tom Brown adalengeza zomwe adapeza. Mayi wina amene ankaganiziridwa kuti ali ndi khansa yosachiritsika adapezeka pa sikani kuti ali ndi chotupa chamadzi cha m'thumba la mazira. Adamuchita opaleshoni, nachira.

Tsono makina paokha alibe nzeru. Inu a kunyanja kuno mukudziwa kuti nyali ndi chilimira sizikoka usipa ngati siginala sadziwa kuwerenga madzi. N'chimodzimodzi ndi sikani: chithunzi chimakhala chabwino monga mwa dzanja ndi diso la wojambula.

Tengani mimba yokhala mu chubu, kunja kwa chiberekero. Mkodzo ukusonyeza kuti mayi ndi woyembekezera, koma chiberekero chili chopanda kanthu, ndipo kumbuyo kwake kwadikha magazi. Wophunzira bwino amazindikira msanga, natumiza mayiyo ku opaleshoni. Wosazolowera angathe kumubweza kunyumba ndi Panado, chubu n'kuphulika usiku. Kuchoka pano kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo mayi wotaya magazi m'kati sangadikire matola a m'mawa.

Wojambula ayeneranso kusiyanitsa zotupa za m'chiberekero zosaopsa ndi zofunika dokotala, ndi kudziwa pomwe makina ake amalekezera. Sikani siona khansa ya khomo la chiberekero ikamayamba kumene. Imeneyo amapima ndi viniga kapena poyeza kachilombo ka HPV, kamene katemera wake adayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Likodzo la kunyanja kuno nalo limafika ku ziwalo zoberekera, ndipo mayi angamwe mankhwala a matenda opatsirana pogonana kwa nthawi yaitali pomwe chofunika ndi praziquantel.

Chimene munthu adaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ndi maziko chabe. Makina amasintha: lero alipo ena olowa m'thumba, olumikiza ku foni. Malangizo amasinthanso: mu 2016 bungwe la WHO lidalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Ntchito yachuluka, kotero azamba ndi makiliniko ofesala nawonso akuphunzitsidwa kujambula. A Medical Council of Malawi amafuna kuti ife olembetsa kwa iwo tizisonyeza kuti tikupitiriza maphunziro. Koma wogwira ntchito kumudzi amasowa ya basi ndi ya malo ogona kuti akakhale masabata angapo pambali pa akatswiri ku Mzuzu Central Hospital kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mwa ichi, ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, pa thumba lathu lija timagulira madesiki ndi mabuku, tipatuleko kangachepe chaka ndi chaka kolipirira ulendo wa wojambula mmodzi wa dera lino kukasula luso lake. Mutu umodzi susenza denga. Lachiwiri, amayi, mukaona msambo wosalekeza, kapena kupweteka kwa m'chinena mbali imodzi mutadumphitsa mwezi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Abambo, aperekezeni, musati tione mawa.

A Pampando, ndikupempha kuti pempho loyambalo lilowe m'zokambirana za masana ano, ndipo a Msungichuma atiuze zomwe thumba lingakwanitse.