DIZILO, GASI KAPENA BATIRE? MAU KWA OFUNA KUGULA MAKINA ONYAMULA KATUNDU

Anthu ambiri a kum'mawa amene agwira nchito ku migodi ndi m'matauni amalingalira za tsiku limene adzabwerera kwao ndi kandalama kao, ndi kumanga shedi yogulira mbeu. Nkhani ya lero iri ya iwo, makamaka a ku Chipangali, dziko la pa mseu wa ku Lundazi limene linapatulidwa ku Chipata ndi kukhala boma palokha m'caka ca 2018.

Kumeneko alimi amakolola cimanga, nshawa, thonje ndi fodya. Katundu ameneyu ali wolemera, ndipo kuyambira kale wakhala akusenzedwa pa misana ya anyamata. Koma pa mashedi akuru pamagwira nchito makina ochedwa forklift, okhala ndi mano awiri acitsulo kutsogolo. Forklift ya matani awiri ndi theka inyamula matumba 50 a cimanga nthawi imodzi, thumba liri lonse lolemera makilogalamu 50. Tsono wogula makina otere ayenera kuyamba wasankha cimene cidzawayendetsa, pakuti mphamvu zace ziripo zitatu.

Yoyamba ndiyo dizilo. Makina a dizilo ali ndi nyonga, matayala ace ngakuru, ndipo saopa pabwalo pa mabampu kapena matope a mu February. Mafuta akatha munthu angothira ena, nchito nkupitirira. Koma dizilo acokera kutali. Ambiri amabwera m'paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968, kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo kucoka kumeneko ayenda pa galimoto mpaka ku Chipata. Mtengo wace ukwera kwacha ikagwa. Coopsa koposa ndi utsi. Ogwira nchito pansi pa mgodi adziwa bwino kuti injini siyenera kulira kumene mphepo sipita. M'shedi yotsekeka utsi udwalitsa anthu mutu ndi cifuwa, fodya amatenga pfungo lace nagwa mtengo, ndipo kamoto kamodzi kothetheka kangathe kupsereza mabelo onse a thonje.

Yaciwiri ndiyo gasi wa m'zigubu zacitsulo. Utsi wace ngwocepa, ndipo kusintha cigubu kutenga mphindi zowerengeka cabe. Komabe gasi nayenso aturutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, kotero zitseko ziyenera kukhala zotsegula. Wokhala kutali ndi tauni ayambe wafunsa ngati zigubu zodzaza zidzamfika nthawi zonse.

Yacitatu ndiyo batire. Makina a batire alibe utsi, sacita phokoso, ndipo ziwalo zace zoonongeka nzocepa. Amafuna pansi pa simenti posalala. Batire ya mtobvu, imene iri ya mtundu wakale, igwira nchito ngati maola asanu ndi atatu, imwa magetsi maola enanso otero, kenaka ifuna kuzizira. Imafuna madzi osungunula a m'botolo, osati a pacitsime, ndipo pamene ikumwa magetsi ituruka mpweya woyaka, kotero wosuta fodya asayandikire. Batire ya lithium idzaza m'maola awiri kapena atatu, ingathe kuonjezedwa pa nthawi ya nsima, ndipo ikhalitsa zaka zambiri. Koma mtengo wogulira ngwaukuru ndithu.

Akuluakulu anati, walira mvula walira matope. Wosankha batire wasankhanso kudalira magetsi, ndipo magetsi ambiri a dziko la Zambia acokera ku madzi. Dziwe la Kariba linamangidwa pa Zambezi ndi kutha mu 1959, ndipo mvula ikabvuta madzi ace acepa. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka, ndipo m'miyezi yotsiriza ya caka cimeneco malo ambiri anakhala opanda magetsi maola oposa 17 pa tsiku. Batire yofuna maola asanu ndi atatu siingadzaze pa masiku otere. Makina akaima, malole akhala pa mzere, ndipo mlimi amene wabwera ndi ngolo yace agona pa shedi kudikira sikelo.

Koma pali cinthu cimodzi cokomera a kum'mawa. Nyengo yogula mbeu, kuyambira May kufikira October, ndiyonso nyengo yopanda mvula, pamene dzuwa liwala pafupifupi tsiku liri lonse. Denga la shedi ndi lalikuru, ndipo magalasi ochera mphamvu ya dzuwa angathe kuikidwa pamenepo. Batire ya lithium igwirizana bwino ndi magalasi amenewa, cifukwa imwa msanga masana. Malo ocajira akhale pamthunzi, pakuti kutentha kwa mu October kufupikitsa moyo wa batire iri yonse.

Cifukwa cace munthu wanzeru asayambe ndi kufunsa mtengo wa m'sitolo. Ayambe adzifunsa mafunso atatu. Kodi makinawo adzagwira nchito m'kati kapena pabwalo? Kodi magetsi akazima sabata lathunthu pa nthawi ya msika, katundu adzakwezedwa ndi ciani? Nanga akaonongeka, makaniko ndi zitsulo zace zidzapezeka ku Chipata, kapena kufikira ku Lusaka, ulendo woposa makilomita 500?

Wokhala ndi makina angapo acita bwino kusaika onse pa mphamvu imodzi. A batire akhale m'kati mwa shedi ya fodya ndi thonje, pamodzi ndi magalasi pa denga, ndipo imodzi ya dizilo ikhale pabwalo pokweza malole. Potero tsiku losowa mafuta nchito idzayenda, tsiku lozima magetsi idzayendanso, ndipo anyamata a m'shedi adzaweruka madzulo ndi zifuwa zabwino.