Nsalu Yoyera ndi Mapu a Chigwa cha Shire

Madzi atasefukira m'chigwa cha Shire mu Januwale 2015, dera la Makhanga ku Nsanje linasanduka chilumba. Pa nthawi ngati imeneyo opereka chithandizo amadalira mapu a pa kompyuta, ndipo mapuwo amaonetsa zinthu ziwiri: chithunzi chojambulidwa ndi setilaiti, momwe mumaoneka nzimbe za ku Nchalo, madenga a ku Bangula ndi mtsinje wa Ruo, ndiponso mtundu umodzi wosasakaniza, kawirikawiri wabuluu, wopakidwa pamene pamira.

Chithunzi cha pa kompyuta ndi timadontho, nthawi zambiri topitirira 2 miliyoni, ndipo kadontho kalikonse kamapatsidwa mtundu wake ndi kapulogalamu kotchedwa shader, mwina ka 60 pa sekondi. Nanga kapulogalamuko kadziwa bwanji kuti apa pafunika chithunzi, apo pafunika mtundu wokha?

Ena amalemba mapulogalamu awiri, koma kusinthasintha kumadya nthawi. Ena amafunsa funso pa kadontho kalikonse. Tsono makinawo amagwira timadontho m'magulu, monga ta 32 m'makina a Nvidia, ndipo gulu likayankha mosiyana, makinawo amayenda njira zonse ziwiri.

Njira yanzeru koposa ingamveke msanga kwa mlimi wa thonje wa ku Ngabu, amene adziwa kuti nsalu yoyera imalandira utoto uliwonse. M'kompyuta mtundu ndi manambala atatu, a kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 kulekeza 1. Kuyera ndi 1, 1, 1. Wolemba pulogalamu amalamula kuti nthawi zonse chithunzi chichulukitsidwe ndi mtundu. Akafuna chithunzi chokha, amapereka mtundu woyera. Akafuna mtundu wokha, amapereka kachithunzi ka kadontho kamodzi koyera. Popeza nambala ikachulukitsidwa ndi 1 sisintha, pulogalamu imodzi imagwira ntchito ziwirizo popanda funso. Zithunzi zikachuluka, amazilumikiza kukhala chimodzi monga telala alumikizira zigamba za zitenje, n'kusiya kampata pakati kuti mitundu isalowerane.

Komabe kuchulukitsa kuli ndi msampha wake, ndipo m'chigwa muno si nkhani yaing'ono. Chithunzi cha mudzi chikachulukitsidwa ndi buluu weniweni, 0, 0, 1, kufiira ndi kubiriwira konse kumafafanizika. Denga la malata, pokhala lowala, limaonekabe. Denga la udzu, lomwe lili ndi buluu wochepa, limada n'kufanana ndi matope. Motero wowerenga nyumba zomira angathe kuwerenga za malata zokha, n'kutumiza bwato kwina. N'chifukwa chake wolemba wosamala amasankha buluu wotuwa, kapena amasakaniza chithunzi ndi mtundu theka ndi theka, kuti nyumba ya udzu ya ku Makhanga iwerengedwe pamodzi ndi sitolo ya malata.