Kusankha Njira ya Setilaiti

Pa madenga a nyumba za ku Kanyama ndi ku Matero, ndiponso pa mafakitale a ku Heavy Industrial Area kumene makolo a ena mwa inu amagwira ntchito, mumaona mbale zolandirira wailesi yakanema. Mbalezi sizitembenuka, usana ndi usiku. Kodi zimayang'ana chiyani?

Zimayang'ana setilaiti, ndiwo makina amene anthu anaponya kumwamba kuti azilandira mawu ndi zithunzi ndi kuzitumiza kutali. Setilaiti iliyonse imazungulira dziko lapansi m'njira yakeyake, ndipo akatswiri amasankhiratu njirayo asanaiponye.

Njira yoyamba ndi yakutali, makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta. Kumeneko setilaiti imazungulira kamodzi pa tsiku, molingana ndi kutembenuka kwa dziko, motero kwa ife imaoneka ngati yaima. Mu 1945 Arthur C. Clarke analemba kuti masetilaiti atatu otere angathe kufikira pafupifupi dziko lonse. Mukatsata msewu wa Mumbwa kuchokera ku Heavy Industrial Area kulowera kumadzulo, mudzafika ku Mwembeshi. Kumeneko mu 1974 dziko la Zambia linatsegula siteshoni yokhala ndi chimbale chachikulu, cholankhulirana ndi maiko akunja kudzera pa setilaiti ya Intelsat yoyenda m'njira imeneyi.

Koma kutali kuli ndi vuto lake. Mawu amatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi pokwera ndi kutsika, choncho olankhula pa lamya amadulana mawu.

Njira ina ndi yapafupi, makilomita ngati 550, mmene mumayenda masetilaiti a Starlink, amene anayamba kupereka intaneti m'Zambia mu 2023. Mawu amafika msanga, koma setilaiti imazungulira dziko m'mphindi ngati 95, osakhalitsa pamwamba pathu. Chifukwa chake pamafunika masetilaiti zikwi zambiri, olandirana ntchito monga othamanga opatsirana kamtengo.

Aphunzitsi, tulukani nawo ana pabwalo. Mmodzi akhale dziko, azitembenuka pang'onopang'ono. Wachiwiri aziyenda chapatali moyang'anana naye nthawi zonse. Wachitatu azithamanga pafupi momuzungulira. Kenaka muwafunse kuti: ndani angaonedwe ndi mbale yosatembenuka?

Tsalani bwino.