Mtendere wa Mozambique: Ntchito ya Azipembedzo ndi Mphamvu ya Malamulo

Ulemu upite kwa oimira Bwanamkubwa wa chigawo cha Niassa, oimira Mlembi wa Boma m'chigawo chino, a Pulezidenti a Khonsolo ya mzinda wa Lichinga, akuluakulu a boma a kuno ku Lulimile pamodzi ndi alembi a madera onse. Mafumu, eni nthaka, ndi nduna zawo. Mashehe, maimamu ndi amwalimu a m'madrasa. Abambo ansembe a Katolika ndi a Anglikani, abusa a mipingo yonse, masisitere ndi makatekisiti. Akuluakulu a polisi ndi a asilikali. Ankhondo akale amene anamenyera ufulu wa dziko lino. Aphunzitsi, azachipatala ndi atolankhani. Amayi a m'mabungwe a kumpingo ndi a kumzikiti, amene alawirira kukonza bwalo lino. Achinyamata, ana asukulu, ndi alendo amene adutsa pa Mandimba kuchokera ku Malawi. Ngati alipo amene udindo wawo sunatchulidwe, ulemu womwewo uwapeze pamene akhalapo.

Tsiku la 4 Okutobala ndi Tsiku la Mtendere ndi Chiyanjano m'dziko la Mozambique. Pa tsikuli mu 1992, mumzinda wa Rome, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anasaina pangano lothetsa nkhondo ya zaka 16. Nkhondoyo inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ena oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi kokha. A ku Mandimba ndi ku Mecanhelas ankawolokera ku Mangochi ndi ku Machinga, a m'mphepete mwa nyanja ankakwera mabwato kulowera ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Njanji ya Cuamba inawonongeka, ndipo mchere ndi sopo zinasanduka zinthu zosowa mu Lichinga. Agogo amene akhala kutsogoloku akugwedeza mitu chifukwa zonsezi anaziona ndi maso.

Oyamba kutsegula njira ya zokambirana anali atsogoleri a zipembedzo. Mu 1989, Kadinala Alexandre dos Santos, Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, Bishopu Dinis Sengulane wa Anglikani ndi Mbusa Ozias Mucache anakumana ndi akuluakulu a Renamo ku Nairobi, panthawi imene boma ndi Renamo zinkaitanana ndi mayina onyoza okhaokha. Mu Julayi 1990 zokambirana zinayamba ku Rome, kunyumba ya gulu la Akatolika lotchedwa Sant'Egidio. Amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi ndi Bambo Matteo Zuppi a gululo, Arkiepiskopi Gonçalves, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Zokambiranazo zinatenga miyezi 27. Zinkaima, nthumwi zinkabwerera kwawo zitakwiya, kuno anthu akufabe, koma amkhalapakati sanatope kuziitananso. Anthu amenewa analibe asilikali oopsezera wina aliyense. Chimene anali nacho n'chakuti mbali zonse ziwiri zinkawakhulupirira, ndipo chikhulupiriro chotere chimabwera pang'onopang'ono kwa munthu amene sanagulidwepo.

Kusaina kokha sikukanathetsa nkhondo. Panafunika wina woti aonetsetse kuti zolembedwazo zikutsatidwa, ndipo apa m'pamene panalowa malamulo a pakati pa maiko, amene ndi mapangano omwe maiko amavomereza mwa kufuna kwawo kenako n'kumangidwa nawo. Mu Disembala 1992 Khonsolo ya Chitetezo ya United Nations inakhazikitsa ONUMOZ, yotsogoleredwa ndi Aldo Ajello, imene inasonkhanitsa asilikali a mbali zonse m'misasa, kulandira zida zawo ndi kuyang'anira chisankho choyamba cha zipani zambiri mu Okutobala 1994. Othawa kwawo nawonso anatetezedwa ndi lamulo. Pangano la OAU la 1969 limaletsa dziko kubweza munthu kumene akuthawa imfa, ndipo dziko la Malawi, ngakhale linali losauka ndi lochepa malo, linasunga abale ake mpaka nkhondo itatha. Pambuyo pake anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kuchokera kumaiko oyandikana nawo, bungwe la UNHCR likuthandizira.

Mabomba okwirira ndi chitsanzo china chimene mlimi aliyense angachimvetse. Nkhondo itatha, minda, zitsime ndi milatho yambiri zinali zosayandikirika. Pangano la ku Ottawa la 1997 linaletsa zida zimenezi, ndipo msonkhano woyamba wa maiko olivomereza unachitikira ku Maputo mu 1999. Mabungwe monga HALO Trust anakumba nthaka ya Niassa pang'onopang'ono, mpaka mu Seputembala 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika kuti munali mabomba ayeretsedwa. Mayi amene amapita kudimba lero osawerenga mapazi ake akudya zipatso za pangano limene linasainidwa kutali ndi kwawo. N'chifukwa chake n'kulakwa kuganiza kuti malamulo a pakati pa maiko ndi nkhani ya azitayi a ku Maputo ndi New York okha. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 22, amaika kukambirana patsogolo ndipo amalola mphamvu ya zida podziteteza pokha. Mu 2023 ndi 2024 dziko lino, limene kale linkalandira asilikali osungitsa mtendere, linakhala nawo mu Khonsolo ya Chitetezo, litasankhidwa ndi mavoti 192.

Azipembedzo sanapume pangano litasainidwa. Mu 1995 Khonsolo ya Chikhristu ya Mozambique, motsogoleredwa ndi Bishopu Sengulane, inayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo zinkadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo anapanga nazo mpando ndi mtengo zimene zinakasungidwa ku British Museum ku London.

Pa nkhani ya kukhalirana kwa zipembedzo, Niassa ali ndi mbiri yakeyake. Chisilamu chinafika pakati pa Ayao kudzera m'malonda a kugombe la Kilwa, ndipo chinazika mizu m'midzi ya mafumu akuluakulu monga Mataka wa ku Mwembe. Cha m'ma 1880 William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA anayamba kulalika m'mphepete mwa nyanja, ndipo Messumba inakula kukhala likulu la Anglikani, lokhala ndi sukulu ndi chipatala. Amishonale a Consolata anatsegula Massangulo m'dera la Asilamu ambiri. Mikangano inalipo, makamaka pa nkhani ya sukulu m'nthawi ya Apwitikizi, koma anthu wamba anapeza njira yawo yokhalira. Banja limodzi limakhala ndi mwana wina wopita kumzikiti Lachisanu, wina kutchalitchi Lamulungu. Pa ukwati kapena pa maliro a Mkhristu, mbuzi imaperekedwa kwa Msilamu kuti azinge, kuti aliyense adye mosakayika. Pokumba manda palibe amene amafunsa mnzake za ubatizo. Mwambo umenewu ndi wamtengo wapatali kuposa misonkhano yambiri ya m'mahotela, ndipo unayamba kale malamulo aakulu a dziko lino asanalembe pa ndime 12 kuti boma lilibe chipembedzo, ndi pa ndime 54 kuti aliyense ali ndi ufulu wopembedza kapena kusapembedza. Mabungwe monga COREM, imene imasonkhanitsa zipembedzo za m'dziko muno, ndi PIRCOM, imene inaika mashehe ndi abusa pa ntchito imodzi yolimbana ndi malungo, anamanga pamaziko omwewo.

Mtendere wa 1992 unagwedezekapo. Kuyambira 2013 mfuti zinaliranso m'chigawo chapakati, mpaka Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade wa Renamo anasaina pangano lina ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019, ndipo msasa womaliza wa Renamo unatsekedwa ku Gorongosa mu Juni 2023. Koma chiopsezo chachikulu kwa Niassa chili kum'mawa. Pa 5 Okutobala 2017 zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia ku Cabo Delgado, ndipo chakumapeto kwa 2021 zinafika m'boma la Mecula, kutentha nyumba ndi kubalalitsa anthu. Zigawengazi zimatchula dzina la Mulungu, komatu ambiri mwa amene zawapha ndi Asilamu, ndipo mashehe a ku Cabo Delgado ndi amene anayamba kuchenjeza akuluakulu a boma za chiphunzitso chachilendocho kuukira kusanayambe.

Apa pali zofunika kudzudzula. Kukayikira mnyamata chifukwa cha ndevu, kanzu kapena dzina lake n'kuthandiza zigawenga, pakuti zimafuna kuti mnyamatayo akhulupirire kuti dziko lake silimufuna. Achitetezo ali ndi ntchito yolemetsa ndipo ayenera kuthokozedwa, koma Mapangano a ku Geneva a 1949, amene Mozambique inawavomereza mu 1983, amawamanga iwonso: munthu wamba satengedwa ngati mdani, ndipo wogwidwa amapita kubwalo la milandu. Azipembedzo nawonso asinthe. Ena amakumbatirana pamaso pa akuluakulu a boma, koma akafika pa guwa kapena pa chimkuzamawu amanyoza chikhulupiriro cha anzawo. Achinyamata amene muli kumbuyoko, mafoni m'manja, tcherani khutu pano: uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti akutiakuti abwera kudzapha anthu usatumizidwe kwa ena musanafunse mfumu kapena apolisi, ndipo munthu wolonjeza ntchito ya ndalama zambiri kugombe, wosatchula dzina la kampani, akanenedwe tsiku lomwelo. Ulova ndi umene umatsegulira khomo anthu oterewa, choncho boma ndi amalonda ali ndi ngongole ya ntchito ndi maphunziro aluso kwa ana a chigawo chino.

Pempho likupita kwa mafumu, mashehe, ansembe ndi abusa a ku Lulimile kuti asadikire 4 Okutobala wa chaka chamawa kuti akhalenso pamodzi. Akhazikitse tsiku lokumana mwezi ndi mwezi, ulendo uno kumzikiti, ulendo wina kutchalitchi, amayi ndi achinyamata akhale ndi mpando ndi mawu, ndipo mkangano uliwonse wa malo opempherera, wa manda kapena wa ukwati wa zipembedzo ziwiri uzifika pamenepo usanakule. Akuluakulu a Khonsolo ya mzinda awathandize ndi malo ndiponso awamvere akabwera ndi chenjezo.