Masewera a Skyrim ndi Miyambo ya Afarisi

Ana athu amawadziwa masewera a pa kompyuta otchedwa Skyrim, amene kampani ya Bethesda idatulutsa m'chaka cha 2011. Osewera amawonjezamo zokometsera zotchedwa mods: wina zida, wina nyumba, ena kufikira mazana. Zikachuluka zimayamba kulimbana, masewerawo nkumangozima. Tsono ena amazichotsa. Ndipo popeza ulendo wosungidwa kale umatha kuwonongeka, amayambiranso pachiyambi, nadabwa ndi kukoma kumene adakukwirira okha.

Pa Marko 7 Ambuye Yesu akudzudzula Afarisi pa mlandu wonga womwewu. Kusamba m'manja ndi kutsuka zikho sikudali koipa ayi. Koma miyambo itachuluka, mwana ankatha kunena kuti chuma chake ndi Korban, chopereka kwa Mulungu, makolo ake okalamba nkumagona ndi njala, lamulo lachinayi litakwiririka.